Funsani Mumve: Eti a ku Egypt ankati dziko linatuluka m'madzi?

FUNSO: Zikomo akonzi. Mwana wanga wa fomu 1 wabwera ndi nkhani yoti anthu akale a ku Egypt ankati dziko linatuluka m'madzi, eti thambo ndi mzimayi nthaka ndi mwamuna. Ine ndamuuza kuti zimenezo nza padangotelo tili tonse basi. Anthu anzeru omanga mapiramidi aja angakhulupirire zotere?
Mayi wa ku Lifuwu, Salima

YANKHO: Mayi, mwanayo sananame ayi, ndipo kwa eni akewo sizinali nthano zocheza pamoto madzulo.

Inu olima mpunganu mumva msanga kuposa a m'tauni. Madzi akadzadza dambo kenako nkuyamba kuphwa, choyamba kuoneka nchani? Chulu. Mtsinje wa Nile unkasefukira chaka ndi chaka kuyambira cha mu July nkumiza minda yonse, pophwa unkasiya matope akuda achonde moti dziko lawolo ankalitchula Kemet, kutanthauza dziko lakuda. Nde iwo ankati pachiyambi kunali madzi okhaokha amdima otchedwa Nun, m'madzimo munatumphuka kachulu ndipo pakachulupo panaima mulungu Atum. Atum anabereka Shu yemwe ndi mpweya ndi Tefnut yemwe ndi chinyontho, awiriwa nkubereka Geb, nthaka, ndi Nut, thambo lija wanena mwana wanulo. Geb ndi Nut anali okumbatirana mpaka Shu analowa pakati nkunyamula Nut m'mwamba, malo okhala anthu nkupezeka. Izi nzimene ankaphunzitsa mumzinda wa Heliopolis ndipo zina zinalembedwa kale m'makoma a m'mapiramidi a ku Saqqara zaka zoposa 2200 Yesu asanabadwe.

Mumzinda wa Memphis ankati mulungu Ptah anaganiza mumtima nkulankhula, zinthu nkukhalapo, mwala olembedwa nkhaniyi uli ku British Museum ku London mpaka pano. Ena ankati mulungu Khnum amaumba anthu ndi dongo ngati mbiya. Zonsezi ankazisunga limodzi.

Koma chomwe chimandigwira mtima ine ndi ichi mayi. Kwathu kuno agogo ankati anthu oyamba anatsikira pa Kaphirintiwa mapazi nkudinda pamwala, basi zinachitika kamodzi. A ku Egypt ankaona kuti kulenga sikunathe, madzi a Nun aja adakalipo kuzungulira dziko ndipo atha kubwerera tsiku lililonse. Usiku ulionse dzuwa, mulungu Ra, limadutsa kunsi kwa dziko pabwato ndipo chinjoka Apep chimalidikirira kuti chilimeze, nde kukacha ankati dziko lalengedwanso. Tangoganizani kuona dzuwa likutuluka panyanja ku Senga Bay muli ndi maganizo amenewo.

Nchifukwa chake mawu oti Maat anali aakulu kwambiri kwa iwo, kutanthauza chilungamo komanso dongosolo la zinthu. Ntchito ya Farao inali kusunga Maat, ansembe m'makachisi ankachita miyambo tsiku ndi tsiku kuti Apep asapambane, ngakhale kachisi weniweniyo ankamumanga pansi pake pokwera pang'onopang'ono mpaka kuchipinda chamkati ngati kachulu kaja. Munthu wamba nayenso akanama kapena kubera mnzake pamuyeso ankati wathandizira chisokonezo, ndipo akamwalira mtima wake ankauika pasikelo, mbali inayo nthenga ya Maat. Ukalemera kuposa nthengayo chilombo Ammit chinkaudya.

Kusefukira kuja kunatha atamaliza damu la Aswan mu 1970, ana a ku Egypt lero sakuonanso. Wanuyo mutengeni kudambo madzi akayamba kuphwa chaka chino akazionere yekha.