Kodi yoyendera dizilo ndi sitimabe?

Funso: Ndikulemba mbiri ya agogo anga amene ankagwira ntchito pa siteshoni ya Limbe m'masiku a sitima zamalasha. Mnzanga akuti mawu oti sitima amanena za nthunzi, motero yoyendera dizilo si sitima, ndipo akuti ndizilemba kuti anthu ankakwera njanji. Kodi akulondola?

Yankho: Mnzanuyo walondola pa gwero la mawuwa, koma pa zinazo wasochera. Sitima ndi steamer ya m'Chingerezi imene lilime lathu linaisalaza, monga anachitira Azulu ponena kuti isitimela ndi Ashona ponena kuti chitima. Chimene chimandikondweretsa n'chakuti kwathu kuno chinthuchi chinayamba kufika pamadzi. Ilala yoyamba inalowa m'nyanja ya Malawi mu 1875, pamene njanji ya Shire Highlands Railway yochokera ku Port Herald, kumene lero timati Nsanje, inafika ku Blantyre mu 1908. Kwa zaka zoposa 30 makolo athu ankadziwa sitima ya pamadzi yokha, ndiye ataona china chofuka utsi chikukwera mapiri a kumtunda kwa Shire, sanafune dzina latsopano, anangoti ndi sitima yomwe ija koma ya pamtunda. Ine sindikayika kuti n'chifukwa chake mpaka lero timawonjezera mawu oti ya pamtunda.

Nthunzi inachoka m'tanthauzo la mawuwa kalekale. Ilala ya lero, imene inayamba kuyenda mu 1951, ndi ya dizilo, koma palibe munthu wa ku Nkhata Bay kapena ku Likoma amene anasiya kuitcha sitima. Mukafuna kusiyanitsa, lembani kuti sitima yamalasha, chifukwa ndi mmene ndinkamvera akuluakulu a ku Limbe akunena. Zoti sitima ya nthunzi ndinazipeza m'mabuku okha.

Njanji ndi zitsulo zimene sitima imayendapo. Munthu amawoloka njanji, amayala njanji, amagwira ntchito ku njanji, koma sakwera njanji, ndipo mukalemba choncho wowerenga adzaona agogo anu ataima pa chitsulo.

Popeza mukulemba za Limbe, kumene kunali likulu la Nyasaland Railways ndi nyumba zokonzera sitima, samalani ndi mawu a ntchitoyo. Kuyambira mu 1935, pamene mlatho wa Dona Ana pa Zambezi unatsegulidwa ndipo njanji inafika ku Salima, siteshoniyi inkalandira anthu ochokera ku Beira ndi ochokera kunyanja komwe. Chokoka kutsogolo chija anthu ankachitcha mutu wa sitima, ndipo zokokedwazo ndi mabogi. Mutuwo unkayenera kumwa madzi ndi kupakiridwa malasha usananyamuke, wosonkhezera moto ankaponya malasha m'ng'anjo ndi fosholo, ndipo woyendetsa sankasuntha kufikira gadi ataimba wezulo ndi kukweza mbendera yobiriwira. Taonani kuti sitimayo inkamwa, inkalira, inkapuma wefuwefu pa chitunda: makolo ankaiyankhulira ngati chamoyo, ndipo aneni amenewa ndiwo adzapatse nkhani yanu fungo la nthawiyo. Kulemba kuti sitima inadzazidwa madzi si kulakwa, koma agogo anu sakananena choncho.

Chimene chimandiwawa ndi treni, amene ndayamba kumumva ngakhale pa wayilesi. Kubwereka mawu sindikutsutsa, pakuti siteshoni, tikiti ndi bogi zonse n'zobwereka, ndipo zinabwera pamodzi ndi zinthu zimene tinalibe mayina ake. Koma treni akudzalanda malo a mawu amene takhala nawo kuyambira nthawi ya Ilala yoyamba, popanda chatsopano chimene akuwonjezera. Pa kuchulukitsa, sitima ziwiri ndi masitima awiri zonse n'zovomerezeka, malinga musasakanize n'kulemba kuti masitima ziwiri.