Tifunseni: Kodi khonsolo ya mzinda imagula bwanji katundu?

Funso: Ndine mmisiri wa matabwa ndipo ndili ndi anyamata anayi pamalo anga ogwirira ntchito. Ndimamva kuti makhonsolo amagula madesiki a m'sukulu ndi mipando ya m'maofesi, koma sindidziwa polowera. Bambo wina wandiuza kuti amadziwana ndi khansala, ndipo akuti ndikamupatsa kangachepe ndiyambiretu kukhoma madesiki, mapepala abwera pambuyo. Kodi ndi mmene zimayendera? Mmisiri wa m'tauni.

Yankho: Bambo, musagule ngakhale thabwa limodzi potengera mawu a munthu ameneyo. Khansala, ngakhalenso mfumu ya mzinda imene, alibe mphamvu yopereka tenda kwa munthu. Ntchito ya makhansala ndi kuvomereza bajeti ndi kulondoloza mmene ndalama zikugwirira ntchito, pomwe zogulagula zili m'manja mwa ogwira ntchito ku khonsolo motsogozedwa ndi mkulu woyendetsa khonsoloyo.

Makhonsolo a mizinda ya Lilongwe, Blantyre, Mzuzu ndi Zomba amagwiritsa ntchito ndalama za anthu, choncho amatsata lamulo lomwe maunduna a boma amatsata pogula katundu. Lamulo la 2003 lidakhazikitsa ofesi yoyang'anira zogulagula za boma yotchedwa ODPP, ndipo la 2017 lidabweretsa bungwe la PPDA m'malo mwake. Bungweli siligulira khonsolo katundu, koma limayang'anira ndondomeko, limalembetsa ogulitsa, komanso limatha kuletsa wamalonda wachinyengo kuchitanso malonda ndi boma kwa nthawi yoikika. Mkati mwa khonsolo muli ofesi ya zogulagula yomwe imakonza mapepala, ndiponso komiti yotchedwa IPDC yomwe imavomereza amene wapambana.

Polowera panu ndi pamapepala. Bizinesi yanu ikhale yolembetsedwa kuboma, mukhale ndi nambala ya msonkho ya TPIN pamodzi ndi chikalata cha ku MRA chosonyeza kuti mulibe ngongole ya msonkho, kenako mulembetse ku PPDA ngati wogulitsa katundu. Mutsegulenso akaunti yakubanki m'dzina la bizinesiyo. Mu 2020 boma lidatulutsa lamulo lopatsa mwayi wapadera mabizinesi ang'onoang'ono pa zogula za boma, koma mwayi umenewu umafikira okhawo amene mapepala awo ndi okwanira.

Njira yogulira imatengera kuchuluka kwa ndalama. Zinthu zikakhala zochepa mtengo, ofesi ya zogulagula imapempha makotesheni kwa ogulitsa osachepera atatu n'kuwayerekeza, ndipo kwa mmisiri ngati inu khomo lenileni ndi limeneli. Zikakhala za ndalama zambiri, khonsolo imalengeza tenda poyera, kawirikawiri m'nyuzipepala, ndi kutchula tsiku ndi ola lotsekera. Envelopu yomata imaponyedwa m'bokosi la tenda, ndipo yofika mochedwa salandira ngakhale mutachedwa ndi mphindi zochepa chifukwa cha minibasi. Potsegula maenvelopu mumaloledwa kukhalapo, ndipo ine ndimalangiza kuti muzipitako ngakhale musakuyembekezera kupambana, chifukwa mayina ndi mitengo ya anzanu zimawerengedwa mokweza ndipo mumaphunzirapo momwe ena amawerengetsera mtengo. Kugula kwa munthu mmodzi popanda mpikisano kuliko, koma kumaloledwa pa zifukwa zapadera monga ngozi yadzidzidzi, ndipo madesiki a sukulu sangalowe m'gulu limenelo mwachisawawa.

Ambiri amaganiza kuti wotchipa ndiye amapambana. Oyesa mapepala a tenda amayamba aona ngati mwakwaniritsa zonse zomwe zidalembedwa: ngati adanena kuti desiki ikhale ya ana awiri, ya miyendo yachitsulo ndi thabwa lokhuthala mwakuti, ndiye kuti yanu ya matabwa okhaokha yagwa kale ngakhale itakhala yotsika mtengo chotani. Mtengo amauyang'ana pakati pa okhawo amene adutsa pamenepa. Mukaona kuti simudachitiridwe chilungamo, muli ndi ufulu wodandaula polemba kalata kwa mkulu wa khonsolo kapena ku PPDA, koma chitani msanga popeza masiku odandaulira ndi owerengeka.

Tibwerere ku zoti mapepala abwera pambuyo. Chomwe chimamanga khonsolo kuti ikulipireni ndi chikalata choitanitsira katundu chotchedwa LPO kapena kontirakiti yosayinidwa. Popanda zimenezi, a zachuma alibe poyambira kukonza malipiro anu, ndipo amene adakulonjezaniyo sadzaoneka pamene wogulitsa matabwa akukulondani pakhomo. Mukapereka katundu, woyang'anira nyumba yosungira katundu ya khonsolo awerenge madesikiwo ndi kusayina kuti walandira, ndipo inu musunge kope lanu limodzi ndi invoisi. Dziwaninso kuti malipiro amatha kuchedwa ngakhale zonse zili bwino, poti makhonsolo amadalira misonkho ya nyumba ndi ya m'misika yomwe siilowa mofanana miyezi yonse, choncho musatenge katapila wa mwezi umodzi pogulira zipangizo.

Kangachepe kameneko ndi chiphuphu, ndipo lamulo limalanga wopereka ndi wolandira yemwe. Ngati bamboyo apitiriza kukuvutitsani, kamuneneni ku bungwe lothana ndi katangale la ACB.