Batire likuonetsa 12.1 m'mawa, pa msewu 15.4: muyambe mwayeza musanagule lina

Achimwene, mwafotokoza kuti katchaja ka foni kamene munabaya pamalo oyatsira fodya mu Corolla yanu ya 2003 kakuonetsa mavoloti 12.1 m'mawa musanalize injini, koma mukakhala pa msewu kakumafika 15.4, nyali zikumawala mopitirira mukaponda mafuta, ndipo amakaniko akuti mugule batire lina ngakhale kuti lomwe lilipolo langotha miyezi isanu. Ine ndikuona kuti simuyenera kugula kalikonse pakali pano, chifukwa ngati 15.4 ameneyo ndi woona, vuto lili ku mbali yotchaja, ndipo batire latsopano lidzawonongeka monga momwe likuwonongekera ili.

Timatchaja tobaya timeneti timanama nthawi zina, komanso timayeza magetsi amene adutsa kale m'mawaya ambiri ndi m'mafyuzi. Choncho pezani multimeter, mita yoyezera magetsi, ngakhale yotsika mtengo yogula m'mashopu a zipangizo zamagetsi, muiike pa 20 mbali ya DC, ndipo muzigusitsa nsonga zake pamitu yeniyeni ya batire, osati pa zomangira mawaya zija.

Yambani m'mawa galimoto itagona usiku wonse, popeza batire limene langotchajidwa kumene limaonetsa nambala yokwera yomwe siikhalitsa. Batire la galimoto lili ndi zipinda zisanu ndi chimodzi, chilichonse chimapereka mavoloti pafupifupi 2.1, motero likadzaza limaonetsa 12.6 kapena 12.7. Likaonetsa 12.4 ndiye kuti latsikako pang'ono, pa 12.2 lili pafupifupi theka, ndipo pa 12.0 latsala pang'ono kutheratu. Mukapeza nambala yoyandikira 10.5, kawirikawiri ndiye kuti chipinda chimodzi chafa, ndipo batire lotero silichira ngakhale litagonera pa tchaja. Kenako wina alize injini inu mukuyang'ana mita: pamene sitata ikuzungulira nambala imatsika ndithu, koma isapitirire kunsi kwa 9.6.

Injini ikalira, galimoto ya msinkhu wa yanuyi iyenera kuonetsa pakati pa 13.8 ndi 14.5. Ikhoza kukwererako pang'ono injini ikadali yozizira, n'kutsika ikatentha, ndipo zimenezo si vuto. Mnzanuyo aponde mafuta mpaka singano yoonetsa kuzungulira kwa injini ifike 2000, ayatsenso nyali zazikulu ndi fani ya m'kati. Nambala ikangogwedezeka pang'ono n'kukhazikika, ndiye kuti alternator, chipangizo chimene chimatchaja batire injini ikamalira, ikugwira ntchito yake, ndipo wabodza ndi katchaja kanu kaja. Koma ikamakwera motsatira phazi la woponda mafuta mpaka kudutsa 15, dziwani kuti regulator, kachipangizo kamene kamaika malire a magetsi otuluka mu alternator, sikakuwaletsanso.

Musanamasule alternator, pali malo awiri amene amakaniko ambiri amawalumpha, chonsecho ndi amene safuna ndalama zambiri. Alternator ya ma Toyota ambiri ili ndi kawaya kakang'ono kamene regulator imadziwira kuchuluka kwa magetsi a ku batire, ndipo kamadutsa pa fyuzi yolembedwa ALT-S m'bokosi la mafyuzi la ku injini. Miyendo ya fyuziyo ikachita dzimbiri, kapena pulagi ya kumbuyo kwa alternator ikakhwefuka, regulator imalandira nambala yochepa kuposa yeniyeni, ndiye imalamula kuti magetsi awonjezedwe ngakhale batire ladzaza kale. Zulani fyuziyo ndi pulagiyo, muone ngati mwabiriwira kapena mwada ndi kupsa, mupukute bwinobwino, kenako muyezenso.

Malo achiwiri ndi mawaya akuluakulu, makamaka a ethi amene amachoka ku batire kupita ku bodi ndi ku injini. Waya akhoza kuoneka wabwino kunja pamene m'kati munasanduka ufa wobiriwira, choncho maso okha sakwanira. Injini ikulira, nyali zili zoyaka, ikani nsonga imodzi ya mita pa thupi la alternator, inayo pamutu wa minus wa batire. Nambala isapitirire 0.2. Kenako ikani imodzi pa bawuti ya waya wamkulu wotuluka mu alternator, inayo pamutu wa plus. Apa isapitirire 0.5. Chilichonse choposa pamenepo ndi magetsi amene akutayika m'njira, ndipo mankhwala ake ndi kumasula, kupala ndi sandipepa mpaka chitsulo chiwale, n'kumanganso mwamphamvu. Mitu ya batire yokhomeredwa tizitsulo kapena misomali kuti igwire, monga timaonera m'maminibasi ena, ndi yofunika kuisintha osati kuikhomeranso.

Zonsezi zikakhala bwino koma nambala ikudutsabe 15, regulator ndiyo yafa. Pa alternator ya mtundu umenewu regulator imasinthika payokha pamodzi ndi maburashi, kotero wodziwa zamagetsi a galimoto akhoza kuikonza popanda inu kugula yonse. Wina akakuuzani kuti ayese pochotsa waya wa batire injini ikulira kuti aone ngati izime, mukanitsitse. Njira imeneyo inkatheka pa magalimoto akale opanda kompyuta, koma batire ndi limene limameza magetsi akakwera mwadzidzidzi, ndipo kulichotsa pa galimoto imene ikutchaja kale mopitirira kungawotche kompyuta ya injini, wailesi ndi ma diode (tizipangizo tolola magetsi kudutsa mbali imodzi yokha) a mu alternator momwemo.

Nanga 12.1 wa m'mawa uja akuchokera kuti pamene galimoto ikutchaja mopyola? N'kutheka kuti gwero lake ndi lomweli. Batire likamapatsidwa magetsi ochuluka limatentha, madzi ake amachita ngati akuwira n'kumatha, mapuleti a m'kati amayamba kuuma ndi kudyeka, ndipo pamapeto pake silisunganso moto. Tsegulani boneti mukangofika kuchokera ku ulendo: mukamva fungo ngati la mazira owola, mbali za batire zitatupa kapena pamwamba pake patanyowa ndi asidi, umboni ndi womwewo. Musayandikire ndi fodya kapena chilichonse chothetheka, chifukwa mpweya umene limatulutsa pa nthawiyo umaphulika. Ngati lili ndi zotsekera, onani madzi m'chipinda chilichonse, muthire madzi a batire ogula aja mpaka mapuleti amire, osati a pampopi kapena a pamjigo, komanso osawonjezera asidi. Mukatero litchajidwe pang'onopang'ono mpaka lidzaze, likhale tsiku lathunthu losalumikizidwa ku galimoto, ndipo likatsika lokha kufika pa 12.3 kapena kunsi, pamenepo mpamene mungavomereze kuti lawonongeka.

Likasunga 12.6 lili panja koma n'kumatsika likagona m'galimoto, pali chimene chikuliyamwa usiku. Ikani mita pa 10A, mbali yoyezera maampeya (kuchuluka kwa magetsi amene akukokedwa), muchotse waya wa minus, mulumikize mitayo pakati pa wayayo ndi mutu wa batire, zitseko zonse zili zotseka ndipo kiyi ali m'thumba, kenako mudikire mphindi 20 kapena 30 kuti zonse zigone. Galimoto yabwinobwino imakoka maampeya osaposa 0.05. Musayese kuliza injini mita ili chilumikizire choncho, chifukwa fyuzi yake ipsa nthawi yomweyo. Nambala ikakhala yaikulu, zulani mafyuzi imodziimodzi mpaka igwe, ndipo muyambire pa zinthu zimene zinaikidwa galimoto itabwera kale, monga wailesi, alamu ndi chimkuzamawu cha m'buti. Mafyuzi onse akatha nambala osagwa, kayikirani diode ya mu alternator, imene ikafa imalola magetsi kubwerera m'mbuyo injini itazima.

Kwa ena m'gulu muno amene muyese zomwezi pa magalimoto atsopanoko ochokera ku Japan, manambala anu akhoza kusiyana ndi awa popanda chovuta chilichonse. Honda Fit ndi magalimoto ambiri amene amazimitsa okha injini pa maloboti amatsitsa dala kutchaja mpaka pansi pa 13 pofuna kupulumutsa mafuta, n'kukwezanso mukayatsa nyali kapena mukasiya kuponda, pomwe Toyota Aqua ndi Prius zilibe n'komwe alternator. Corolla ya 2003 ikakhazikika pa 15.4 ilibe chowiringula chotere.

Pamene simunakonze, pewani maulendo aatali ngati wa ku Lilongwe kuchokera ku Blantyre, chifukwa maola anayi kapena asanu pa 15.4 akhoza kuwononga batire ndi kupsereza mababu. Mukayeza, mutilembere manambala anayi awa pansipa: wa m'mawa, wa pa nthawi yoliza, wa injini ikulira yokha, ndi wa pa 2000 nyali zili zoyaka.