Oyilo wa mineral kapena wa synthetic pa njinga yamoto

Mwafunsa ngati kuli koyenera kusiya oyilo wa mineral (oyilo wamba woyengedwa kuchokera ku mafuta okumbidwa pansi) n'kuyamba kuthira wa synthetic (wokonzedwa mwapadera mu fakitale) mu njinga yanu yamoto. Musanasankhe pakati pa awiriwa, yambani mwawerenga zimene zalembedwa pa botolo. Njinga zambiri zili ndi kilatchi imene imakhala yomira mu oyilo yemweyo wa injini, choncho oyiloyo ayenera kukhala ndi chizindikiro cha JASO MA kapena MA2. Oyilo wina wa galimoto amakhala woterera mopitirira, moti amachititsa kilatchi kuterereka, ndipo mudzamva injini ikulira kwambiri pokwera chitunda pamene njinga ikungokwawa.

Ubwino wa synthetic ndi wakuti amapirira kutentha, sachedwa kufika mbali zonse za injini mukailiza kukuzizira, ndiponso satha mphamvu msanga. Ineyo ndingamusankhe ngati injini imazizira ndi mpweya ndipo mumayenda maulendo ataliatali mutanyamula katundu wolemera. Koma ngati njinga ndi yaing'ono, ndipo mumasintha oyilo pa nthawi yake, wa mineral ndi wokwanira ndithu. Pa manambala a pa botolo osonyeza kukhuthala kwa oyilo, monga 10W-40 kapena 20W-50, tsatirani zimene buku la njingayo likunena.