Pitani nawo bambo ku Old Market Square, koma musamale njanji

Achemwali, mwafunsa ngati bambo anu, amene abwera kudzacheza kuchokera kumudzi ndipo akuyendera njinga ya olumala chidwalire sitiroko, angathe kuzungulira pa Old Market Square ku Nottingham. Angathe ndithu. Ine ndimagwira ntchito yosamalira okalamba ndipo pabwalo limenelo ndakankhapo njinga kosawerengeka.

Dzina lakuti msika wakale lisakuopseni. Ndi wakaledi, chionetsero chapachaka cha Goose Fair chinkachitikira pomwepo mpaka 1928, koma mu 2007 anakonza bwalo lonse n'kuyala miyala yosalala. Mulibe timiyala tobulungira tija togwedeza munthu mpaka msana kuwawa. Masitepe alipo pang'ono cha m'mbali, koma mukhoza kuwalambalala.

Galimoto isiyeni. Kwerani tram, sitima yamagetsi yoyenda mumsewu, chifukwa khomo lake limalingana ndi poimikira ndipo njinga imangolowa osanyamula. Kuchokera pa siteshoni ya sitima mudutsa Lace Market, kenako mutsike pa Old Market Square penipeni. Tikiti mugule musanakwere.

Tsono nkhani ili pa njanji za tramuzo, zimene zadutsa m'mphepete mwa bwalo. Timatayala takutsogolo ta njinga ndi tating'ono, ndipo mukadutsa njanji mopendekera timalowa m'kampata kaja. Zinandichitikira ndi agogo ena. Ndinkathamangira mvula, katayala kanatitimira, njinga n'kuima nji, iwo n'kuwerama kutsala pang'ono kugwa chafufumimba. Mwayi ndinali nditawamanga lamba. Chiyambire tsiku limenelo ndimayang'ana mbali zonse, kulunjika njanji mowongoka, kuponda kachitsulo kakumbuyo kuti kutsogolo kunyamuke pang'ono, ndiye n'kuwoloka. Tram ikaliza belu muzingodikira, musapikisane nayo. Lamba ameneyo bambo angakane, azibambo athu mukuwadziwa, koma anyengerereni.

Malo ojambulitsa ndi kutsogolo kwa Council House, chinyumba chokhala ndi wotchi chija, chimene anachitsegula mu 1929. Pali mikango iwiri yamwala, ndipo anthu akuno akamapangana amati tikumane pa Left Lion, kutanthauza mkango wakumanzere. Njinga imafika pafupi bwinobwino. Belu la pamwamba, Little John, limalira mwamphamvu moti mlendo amadzidzimuka. Kumapeto enawo kuli malo a madzi otumphuka kumene ana amasewera madziwo akatsegulidwa. Mphepo ikawomba amawaza anthu, ndiye bambo musawaimike pafupi kukamazizira.

Chimene ambiri sanena n'chakuti bwaloli lili m'munsi, misewu ingapo yochoka pamenepo ndi yokwera. King Street ndi Queen Street, pamene pali chiboliboli cha Brian Clough, amene anali mphunzitsi wa timu ya mpira ya Nottingham Forest, zimafuna mphamvu. Ku Nottingham Castle nako kuli mtunda woti nokha mungafike thukuta lili kamukamu. Ngati mukufuna kukafikako tengani mnyamata wamphamvu, ndipo potsika malo otsetsereka kwambiri muziyenda chobwerera, inu kumunsi. Za mapanga a pansi pa mzinda ndi bala yakale ya Ye Olde Trip to Jerusalem, ine ndinganene kuti angoonera kunja. M'katimo ndi mopanikiza.

Sankhaninso tsiku. Nyengo ya Khirisimasi bwalo limadzaza ndi timisika ta Winter Wonderland, ndipo nthawi yotentha zaka zambiri amathirapo mchenga n'kuikapo zosewerera ana. Masiku amenewo pamakhala khamu, mawaya okwiriridwa ndi mphira pansi, ndipo munthu wokhala panjinga amangoona misana ya anthu. Lachiwiri kapena Lachitatu cha m'ma 10 koloko m'mawa ndi pabwino.

Musanapite gulani pa intaneti kiyi wotchedwa Radar, amene amatsegula zimbudzi zambiri za olumala kuno ku Britain. Sadula. Mutengenso bulangete la m'miyendo ndi chipewa, chifukwa inu wokankha mudzamva kutentha pamene bambo, atakhala phee panjinga, akuzizidwa osanena.