N'chifukwa chiyani ena amaika mneni kumapeto kwa chiganizo?

Wowerenga wina wanditumizira imelo. Akuti wayamba kuphunzira Chijapani, ndipo chomwe chamuzunguza mutu n'chakuti mneni amabwera kumapeto kwa chiganizo, pomwe m'Chichewa timamuika pakati. Funso lake: kodi kusiyana kotereku kumangochitika mwangozi, kapena akatswiri a galamala ali ndi chifukwa chake?

Zikomo pofunsa. Si mwangozi ayi. Mu 1963 katswiri wa ziyankhulo Joseph Greenberg anayerekeza ziyankhulo 30 ndipo anaona kuti zinthu zina zimayendera limodzi. Chiyankhulo choika mneni pambuyo pa pamtherankhani, monga Chijapanicho, kawirikawiri chimaikanso mperekezi pambuyo pa dzina. Ife timati "ku Tokyo", iwo amayamba ndi Tokyo.

Cha mu 1981 Noam Chomsky ndi anzake anafotokoza izi motere: mwana aliyense amabadwa ndi maziko amodzi a galamala, koma pali malo angapo osankhira, ngati maswitchi a magetsi. Akamva mmene akulu akuyankhulira, amatchera switchi iliyonse mbali yake, ndipo imodzi yokha imasintha zinthu zambiri nthawi imodzi. Ina ndi yokhudza mwininkhani. M'Chitaliyana ndi m'Chichewa mutha kungoti "wabwera" osatchula wobwerayo, pomwe Chingerezi chimafuna mlowam'malo.

Ganizoli ndi lokongola, ndipo ine linandikopa. Koma limavutika mukayang'ana ziyankhulo zapachibale, kapena kayankhulidwe ka madera osiyana. Anthu a ku Trento ndi ku Florence, mizinda ya ku Italy, ali ndi timalowam'malo timene amamatiza kumneni pamalo pomwe Chitaliyana cha m'mabuku sichiika kanthu. Switchi yawo tiziti yaloza kuti? N'chifukwa chake Richard Kayne analimbikitsa kuyerekeza ziyankhulo zoyandikana kwambiri, ndipo Hagit Borer mu 1984 anati gwero la kusiyanaku lili m'timawu ting'onoting'ono ndi m'timaphatikizo ta galamala.

Apa ndiye pamene mtima wanga uli, ndipo umboni uli pakamwa panu pomwepo. Nenani kuti "Ana akuwerenga buku." Yesani kutsogoza bukulo: "Buku ana akuwerenga." Khutu likukana. Tsopano lowetsani kaphatikizo kamodzi: "Ana akuliwerenga buku." Mwadzidzidzi mawu amasuka. "Buku ana akuliwerenga" zikumveka, "Akuliwerenga ana bukulo" zikumvekanso. Joan Bresnan ndi Sam Mchombo, m'kafukufuku wawo wa mu 1987, anati "li" ameneyu ndi mlowam'malo weniweni wokhala mkati mwa mneni. "Li" ameneyu ndiye pamtherankhani, choncho dzina lakuti "buku" limangokhala mutu wa nkhani ndipo lingaime kulikonse. Ndiye onani abale athu: m'Chiswahili kaphatikizo kotereka kamafunika pafupifupi nthawi zonse pamtherankhani akakhala munthu, pomwe Chinyarwanda chimalola angapo m'mneni mmodzi. Ife timalola kamodzi basi. Kusiyana konseku kwagona pa kachidutswa ka liwu.

Palinso gulu lotsatira ganizo la Alan Prince ndi Paul Smolensky la mu 1993, lakuti malamulo ndi omwewo paliponse koma amapikisana, ndipo chiyankhulo chilichonse chimasankha lopambana anzake. Ena amati lilime limangokonda dongosolo losavuta kumva ndi kukumbukira.

Pa Chijapani chanucho, yambani mwagwira timawu totsatira mayina, monga "ga" wa mwininkhani ndi "o" wa pamtherankhani. Mukatizolowera, mudzadziwa wochita ndi wochitidwa mneni asanafike n'komwe.