Za kadamsana wa mwezi kuno kumpoto

Asisi, mwafunsa ngati kadamsana wa mwezi wongodya mbali imodziyu angaonekedi kumene mwafikira ku Tromsø kuno ku Norway, komanso ngati pakufunika magalasi apadera aja. Magalasi ayi ndithu, amenewo ndi a kadamsana wa dzuwa, wa mwezi mumangoyang'ana ndi maso anuwa mpaka khosi kuwawa. Chomwe chimachitika n'chakuti dziko lathuli limakhala pakati, dzuwa uku mwezi uku, ndiye mthunzi wa dziko umagwera pa mwezi, n'chifukwa chake zimachitika mwezi ukakhala wathunthu basi.

Koma nkhani yoti uoneka kapena ayi, kunoko imatengera nyengo ya pachaka, ndipo ine ndinaphunzira mochedwa kkkk. Pa 16 July 2019 kunali kadamsana wotere, kumudzi anthu amaonera bwinobwino cha m'ma 11 koloko usiku mpaka kumanditumizira zithunzi pa WhatsApp, ine ndatuluka panja ndikusakasaka mwezi koma dzuwa lili phwee pakati pa usiku. Tromsø ili pa madigiri 69 kumpoto, kuyambira kumapeto kwa May mpaka chakumapeto kwa July dzuwa sililowa, ndiye poti mwezi wa kadamsana umakhala moyang'anizana ndi dzuwa, dzuwa likakhala pamwamba iwo uli pansi, kuseri kwa dziko. Nyengo yamdima zimatembenuka, kumapeto kwa November mpaka pakati pa January dzuwa silituluka koma mwezi wathunthu umakwera pamwamba kwambiri, nthawi zina osalowa n'komwe. Ndiye muone kaye tsiku lake, ngati lili pakati pa October ndi March muli pabwino bola uchitike usiku wa kuno, mdani wanu wamkulu ndi mitambo, ndipo mitambo ya m'mphepete mwa nyanja kuno ilibe chisoni.

Umene ndinauona bwino ndi wa pa 28 October 2023. Ndinakwera ku Prestvannet, kanyanja kaja kali pamwamba pa chilumba chomwe pali tauniyi, poti kumeneko magetsi a mutauni sasokoneza kwambiri. Unayamba cha m'ma 21:35, pofika 22:14 ndiye unali pachimake, isanakwane 11 koloko zonse zatha. Ndikuuzeni zoona musakakhumudwe, unali wochepa, kachigawo kakang'ono cha m'munsi kokha ndi komwe kanada, ngati chitumbuwa chimene mwana waluma kamodzi n'kubwezera m'mbale. Kufiira kuja mumaona pa zithunzi kumabwera mwezi ukalowa wonse kapena pafupifupi wonse mu mthunzi, wapang'onowu umangoda mbali imodzi. Koma pambali pake panali Jupiter akuwala zedi, ndipo m'mphepete mwa mthunziwo mumaona kuti ndi mozungulira, ndiye kuti mukuona ndi maso anu kuti dziko ndi lobulungira, ine zimenezo ndi zomwe zinandigwira mtima.

Chinanso, usiku umenewo wotchi ya Norway ndi ya kumudzi zinali zofanana, ndinaimbira mayi ku Dedza tonse tikuyang'ana mwezi umodzi nthawi imodzi, kungoti iwo mbali yodyedwayo amaiona kwina poti ali kummwera kwa dziko. Tinatsutsana kaye pang'ono, iwo akuti mwana iwe sukuona bwino.

Zovala musachite nazo masewera, kuima malo amodzi ola lathunthu si chimodzimodzi kuyenda kupita ku basi. Masokosi aubweya, magolovesi, chipewa chotseka makutu, tiyi mu fulasiki. Foni muisunge m'thumba lamkati pafupi ndi thupi chifukwa batire imatha msanga kukazizira, yanga inazima ndili mkati moyankhula ndi mayi. Zithunzi za pa foni musadalire, mwezi umangotuluka ngati kadontho koyera, bola mubwereke mabainokyula kwa anzanu a kuntchito, anthu akuno ambiri ali nawo m'nyumba. Ndipo muzitembenukako kuyang'ana kumpoto, mwina nordlys, kuwala kobiriwira kuja, ingakupezeni muli pomwepo, ngakhale mwezi wathunthu umaiphimbako ikakhala yofooka.